Thumba Lomaliza la Phulusa

Pa 9 Januwale 2072, makina a komiti ya madzi anazula chimanga m'munda wa Nangondo n'kuyeza mizu. Lamulo limati munda umene mizu yake sifika kutalika kwa chikhatho sulandira madzi a m'paipi. Mizu ya Nangondo inali yaifupi, yotupa ngati zala za khanda.

Dothi la kumeneko ndi lowawasa, lili ndi aluminiyamu amene amawotcha nsonga za mizu. Muzu ukaleka kukula sufika pachinyezi, ndipo chilala chimangomalizitsa. Nangondo ankathira phulusa m'mizere kuti dothi lizizire, koma mizere ya kumtunda inatsala chifukwa thumba lomaliza linasowa. Makinawo anazula komweko.

Nangondo anapeza mwamuna wake pakhonde.

"Bambo a Tiyese, thumba la phulusa lija lili kuti?"

"Ndinawapatsa achemwali. Ankafuna chidulo chophikira therere pamaliro paja."

"Thumba lonse?"

"Anthu anali ambiri, mayi. Ndikanakana bwanji pamaliro a amalume?"

"Chabwino. Chimanga chikauma, mukawagogodere amalume anuwo kumanda, atigawireko ufa."

Nangondo sanakweze mawu. Ananyamula ndowa ya madzi amene bamboyo ankati asambe, n'kukathira ndi kapu phando ndi phando m'mizere ya kumtunda. Madziwo anathera pakati pa mzere wachiwiri.

"Inu mudzasamba mvula ikadzagwa," anatero pobwera.

Komiti idzamva dandaulo la Nangondo lopempha madzi a m'paipi pa 30 Januwale. Masamba ayamba kale kupindika, ndipo mvula sinagwe chiyambire Khirisimasi.