Matebulo Anayi a Timoteyo

Pepala linafika pa tebulo lomaliza nkhungu ya m'mawa isanachoke, ndipo Timoteyo anamwetulira ngati fisi woona mbuzi yothyoka mwendo.

Matebulo anali anayi, mu ofesi ina ku Dedza. Anawandandalika yekha atabwerako ku Blantyre, kumene anakaphunzira za kompyuta. Ofesiyo inalibe kompyuta. Ndiye iye anasandutsa anthu makina.

"Uthenga uziyenda ngati madzi mumpopi," ankatero. "Landira, chita chako, ponya m'thireyi ya mnzako. Osafunsa wakumbuyo, osalankhula ndi wakutsogolo."

Tebulo loyamba linkatsegula makalata a anthu oneneza anzawo n'kukopera mlandu. Lachiwiri linali la Magadalena, mayi wodziwa midzi yonse ndi zam'kati mwake. Poti kumudzi wamkulu satchulidwa dzina, iye ankasintha mayina oitanira kukhala mayina a m'kaundula. Lachitatu linkamata dzinalo mu envulopu n'kulemba nambala ndi mlandu pamwamba, kuti womaliza asakondere mbale wake. Womalizayo anali Timoteyo ndi chidindo chake. Akangodinda, envulopu inkapita kwa anyamata a galimoto. Munthu akakwera galimoto imeneyo, mkazi wake ankameta maliro osawaona.

Nambala 58. Mlandu: anapichira fodya khadi la chipani.

Mlanduwo Timoteyo ankaudziwa. Anaulemba yekha ndi dzanja lamanzere. Ankafuna kuchotsa Rafaelo, mlimi wa mbatata wa ku Kasina, munthu amene fodyayo sankasuta n'komwe. Tchimo la Rafaelo linali limodzi: anakwatira Anjelina, amene Timoteyo anamusiya zaka zingapo m'mbuyomo koma tsopano ankamumezeranso mate. Kuti kalata inunkhe kumudzi, sanalembe kuti Rafaelo. Analemba mwaulemu wake wonse: "bambo a Dorika, Dorika mwana wa Anjelina."

Akunyowetsa chidindo, anaona nsapato za Magadalena zitaima patsogolo pake.

"Bwana, 58 imeneyo ndimati ndifunseko kaye."

"Mayi, tebulo lanu ndi lachingati?"

"Lachiwiri, bwana."

"Nanga pa lachinayi mwatayapo chiyani? Mwalemba zabodza?"

"Ayi, bwana. Zoona zokhazokha. N'chifukwa chake ndimati..."

"Mukalankhulanso, mawa mukagulitse kabichi ku Linthipe. Chokani!"

Magadalena anamuyang'ana pang'ono, n'kubwerera pa mpando wake. Chidindo chinagwa: phwa! Anadindanso kachiwiri, inki ioneke bwino, n'kuponya envulopu m'thireyi yotuluka.

Masana galimoto inalira panja. Timoteyo anaima pa windo, manja m'thumba, kuti aione ikukhotera njira ya ku Kasina. M'mutu mwake anali atasankha kale chitenje chokapepesera Anjelina. Mwezi umodzi wolira, iwiri ikachuluka. Mkazi wa mwana wamng'ono, munda uli pamenepo, akanakana bwanji munthu wa tayi?

Galimoto sinakhote. Injini inazima. Anyamata atatu analowa ndi envulopu yong'amba, ndipo woyamba anamukoka Timoteyo ndi tayi yomweyo mpaka chibwano chinamenya tebulo. Dzino linagwera pansi. Anafuula kuti alakwitsa, afunse kaye, afunse tebulo lachiwiri. Anyamatawo anati iwo ntchito yawo n'kunyamula basi.

Magadalena sanadzutse mutu. Iye analipo m'chikuta tsiku limene Dorika ankabadwa. Mwana atakana kutuluka, azamba anamupanikiza Anjelina kuti aulule mwini mimba, ndipo anatchula dzina limodzi lokha. Silinali la Rafaelo. Linali la Timoteyo, ndipo ndilo Magadalena analemba.