Phokoso la Loweruka

A Greenwell anaima pakati pa makina owazira nkhuni m'shopu ya zitsulo ku Edmonton wa kudziko la Angerezi, manja ali kumbuyo ngati akuyendera munda wa eni ake. Jekete analimanga mpaka m'khosi. Kunja kunali mvumbi wa Novembala, uja wosadziwa kukata.

Nkhwangwa yawo inali itathyoka mpini. Chithyokereni, Maloweruka angapo anadutsa osawaza nkhuni, ndipo zipika zimene odula mitengo ankawatsitsira pageti zinangounjikana. Loweruka lina linali pafupi. Limeneli lokha sanafune kuti liwadutsenso.

Wogulitsa, mayi wovala baji yolembedwa Shantel, anawayandikira.

"Mumawaza nkhuni kawirikawiri, bambo?"

"Loweruka lokha, m'mawa," anayankha m'Chingerezi chawo cha kusukulu ya mishoni. "Ndimakhala ndekha."

Okha ndithu, abale inu. Akazi awo, Mayi Esnat, anatisiya mu 2003. Mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Canada, amaimba foni pa Khrisimasi, ndipo ukamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi. Atapuma ntchito yoyendetsa basi, a Greenwell anayesa za kwathu: kuima pageti m'mawa n'kumapereka moni kwa odutsa. Ha! Wina kuyang'ana pansi, wina kuwonjezera liwiro, wina kugwiritsa chikwama chake. Munthu wa ku Ntcheu, kumene kudutsa mnzako osamulonjera ndi mwano, zinamuwawa mpaka mumtima. Anasiya.

"Chachikulu ndi phokoso," anatero a Greenwell. "Ndili ndi aneba."

Ndipo anafotokoza za Mayi Paterson, nkhalamba ya kuseri kwa mpanda. Nkhwangwa ikangoti phwaa kawiri, mayiwo atulukira kale, kapu ya tiyi ili m'manja. "Bambo Greenwell! Mwayambanso?" Akatero ndiye kuyamba. Mutu ukuwapweteka. Mphaka wathawira kunsi kwa bedi. Bondo lawatupa. Adzakanena kukhonsolo. Mdzukulu wawo wasiya sukulu, ndipo nazonsozo ngati kuti wolakwa ndi a Greenwell. Ankalalata mpaka tiyi kuzizira, a Greenwell atatsamira nkhwangwa, akungovomera.

"Loweruka lililonse?" anafunsa Shantel. "Koma aneba ena! Musadandaule, bambo, mavuto anu atha lero."

Anawatengera pa makina obiriwira a magetsi. Anaika chipika, n'kudina batani. Chitsulo chinayenda pang'onopang'ono, chipika chija n'kungoti pwa, kugawikana pawiri.

"Mwamva? Ngakhale mphakayo sangadzuke. Ndiponso ndaona mmene mukugwirira phewa lanulo. Awa safuna mphamvu."

Za phewazo sananame. Adokotala anali atawauza kale kuti zokweza nkhwangwa pamsinkhu wawo aziiwale. M'mawa, povala malaya, ankachita kuluma mano.

"Mbaula yanu imalowa nkhuni zazitali bwanji?" anafunsa Shantel.

"Zilizonse," anayankha msanga, maso ali kwina. "Nanga awa amalira bwanji?"

Awo anali opopa ndi phazi. Shantel anapopa. Zii, kungomveka kampweya basi. A Greenwell anapukusa mutu ngati munthu amene wamva uthenga wosakoma, n'kupitirira. Anafunsa za ena, anafunsanso za ena, funso lake lomwelo. Shantel anayamba kuwamvera chisoni. Mayi Paterson amenewo, anaganiza choncho, awaopseza bambo okalambawa mpaka kufika apa?

Kumapeto kwa shelefu, pansi penipeni, kunali chitsulo chosongoka chokhomera m'chipika, pambali pake pali hamala yaikulu ya mpini wautali. Zinali ndi fumbi. A Greenwell anawerama movutikira, nanyamula hamalayo. Phewa linawabaya, nkhope inakwinyika, koma sanaitule.

"Zimenezo ayi, bambo," anatero Shantel. "Chitsulo pa chitsulo. Zimamveka mpaka kumapeto kwa msewu. Aneba anuwo adzakudyani amoyo."

A Greenwell anagogoda chitsulocho pang'ono chabe. Ngwee! Shopu yonse inacheuka. Mwana wina anatseka makutu, ndipo bambo amene ankasankha utoto anawayang'ana moipidwa.

Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'shopumo, a Greenwell anamwetulira.

"Ndipatseni zimenezi."

Shantel anayesa kuwaletsa, za phewa, za khonsolo, koma anangotaya malovu. Anawakulungira, nawatsegulira chitseko, n'kuwaona akulowa mumvula, atapendekera mbali imodzi ndi kulemera kwa katunduyo. Anapukusa mutu. Amuna okalamba ndi makani awo!

Akanadziwa bwanji, mayi wachifundoyo? Nyumba ya a Greenwell ilibe mbaula, ndipo chumuni chinatsekedwa ndi njerwa iwo asanalowemo n'komwe. Nkhuni zadzaza shedi mpaka kudenga, palibe ngakhale imodzi imene inaonapo moto. Koma mumsewu wonsewo ndi Mayi Paterson okha amene amatchula dzina lawo, ndipo chithyokereni mpini uja, sanatulukenso kumpanda.