Mabuleki Amene Festus Anawatontholetsa

Panali bambo wina kufupi ndi Kasakula, kumapiri a Ntchisi, dzina lake Festus. Amene akumudziwa akuti nkhaniyi ndi yoona, ndipo amaifotokoza motsitsa mawu.

Festus anali mlimi wakhama. Zaka zambiri ankayenda pa njinga yakuda yachikale, ija yolemera ngati ngolo, yoti ukafika pa chitunda umatsika n'kumaikankha. Chaka china soya anamuchitira bwino. Anapita ku Mponela n'kukagula njinga yodula, ya magiya ambirimbiri, yopepuka moti unkainyamula ndi dzanja limodzi. Tisanamizane, njingayo inali yokoma. Zitunda zimene anzake ankakwera akukankha, thukuta lili kamukamu, iye ankadutsa ali pachishalo, akuimba mluzu.

Anapita nayo kwa Malizani, wokonza njinga pamsika, kuti amuikire kaliyala yonyamulirapo mkazi wake Deborah. Malizani anaizungulira njingayo, kenako anagwira kambale kachitsulo kamene kanali pakati pa tayala.

"Achimwene, mabuleki a njinga iyi amagwira apa. Si aja a labala tinawazolowera aja ayi. Tcheni muzithira oilo, koma pa kambale aka pasagwere ngakhale kadontho. Kakayamba kulira, ndi fumbi chabe, muzingopukuta ndi kansalu kouma. Ndipo musanayambe mtsetse, muziyamba mwayesa mabuleki onse awiri."

Festus anaseka. "Iwe Malizani, unazolowera njinga za kabaza. Iyi ungaidziwire kuti?"

Malizani anangoti, "Chabwino, achimwene," n'kupitiriza kumanga kaliyala.

Mwezi wa Okutobala utafika, fumbi linachuluka, mabuleki aja anayamba kulira. Akangogwira, kwiii, mudzi wonse unkadziwa kuti Festus akubwera. Lamulungu lina pabwalo la tchalitchi mnzake wina anafuula, "A Festus, kodi munagula njinga kapena nkhumba?" Anthu anafa nalo phwete, ndi akulu a mpingo omwe. Festus anasekerera nawo, koma mumtima zinamuwawa kwambiri.

Tsono kumudzi aliyense amadziwa mankhwala a chitsulo cholira. Chitseko chikalira, wilibala ikalira, timathira oilo wakuda wotsala kuchigayo, basi zatha. Festus anali nako kabotolo kake.

Loweruka lotsatira kunali chinkhoswe cha mng'ono wake wa Deborah, kutsidya kwa mtsinje. Festus sanafune kukafika kwa apongozi ndi njinga yolira. M'mawa anagwada pakhonde n'kuyamba kudontheza oilo pa timbale tonse tiwiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Deborah anamupeza akuzungulitsa tayala.

"Bambo a Sara, kodi suja munati a Malizani anakuletsani zimenezi?"

"Mai a Sara, za njinga ndisiyireni ine. Inu mangani chitenje tizipita."

Mwana wawo Sara anamusiya kwa azakhali ake, iwo n'kunyamuka. Njira inali yakuti see, njinga ili zii, ndipo Deborah anati, "Komatu lero yakhala chete bwino." Festus anamva kukoma.

Anafika pamwamba pa mtsetse waukulu wotsikira kumlatho. Pamenepo aliyense wonyamula munthu amamutsitsa, onse n'kutsika wapansi. Ngakhale a kabaza, amene sakonda kutaya nthawi, amatero.

"Nditsike?" anafunsa Deborah.

"Khalani. Pa njinga iyi satsika munthu."

Mabuleki sanawayese. Njinga inayamba pang'onopang'ono, kenako inatenga liwiro. Festus anagwira buleki yakumbuyo. Palibe. Anagwira yakutsogolo. Palibe. Anafinya onse awiri mpaka zala kuuma, koma matayala ankangozungulira, popanda ngakhale kaphokoso. Anaponya miyendo pansi kuti akwekwereze, nsapato imodzi inavuka n'kutsalira m'mbuyo.

Deborah sanakuwe. Anangomukumbatira mwamuna wake m'chiuno mwamphamvu, nkhope ataiika pamsana pake, n'kumanena, "Ndagwira, bambo a Sara. Musaope, ndagwira."

Musanafike pamlatho pali pokhota. Njinga sinakhote. Festus anakagwera m'bango n'kuthyoka mkono. Deborah anagwera pamiyala. Amayi amene ankachapa kumtsinje anathamanga, wina anaimbira galimoto, koma pamene inkafika n'kuti Deborah atatsirizika. Anthu amene anasonkhana kuchinkhoswe ndi omwewo anakhala pamaliro.

Malizani anabwera kudzakumba nawo manda. Akuti Festus ankalakalaka Malizani akanangomutukwana. Njinga ija inangopindika handulo. Ili m'nyumba mpaka lero, palibe amene amafuna kuigula.

Festus sanakwerenso njinga. Kulikonse amayenda wapansi. Tsiku la msika amakaima pamwamba pa mtsetse uja kuyambira m'mawa, n'kumaimitsa aliyense wapanjinga.

"Pepani achimwene, tatsitsani mayiwo. Ndapota nanu, atsitseni."

Ena amati mutu unasokonekera, komabe amatsika. Tsiku lina mlamu wake anamufunsa chifukwa chimene amaimira pomwepo osatsikira kumlatho. Festus anamuyankha kuti:

"Alamu, ndikangoyamba kutsika, ngakhale wapansi, ndimamva manja ake m'chiuno muno. Amandiuzabe kuti wagwira. Iye anagwira ndithu. Amene sanagwire ndine."

Phunziro: Njinga yodula imakoma pokwera chitunda, koma pa mtsetse chimene chimakubweza kwanu wamoyo ndi mabuleki. Oilo ndi wa tcheni, osati wa mabuleki. Yesani mabuleki musanayambe kutsika, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri tsitsani amene mwamunyamula. Kusekedwa sikupha, ndipo safunsa anadya phula. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu mokha, atumizireni abale onse amene amanyamula mkazi, mwana kapena kasitomala pa njinga.