Mzere wa pa Kathabwa

"Ba Kombe, nijambulileniko galafu ina niyeseze, nthawi yanithera!" anatero Exildah akuzungulirazungulira m'nyumba mwawo ku Kalingalinga. Mawa lake anali ndi mayeso a Chingelezi, oti akakhoza akagwire ntchito ya unamwino kunja. M'mayesowo ankafunika kufotokoza galafu, mzere wosonyeza kukwera ndi kutsika kwa zinthu.

Mwamuna wakeyo, kalipentala, anasolola pensulo kukhutu n'kujambula mzere pa kathabwa.

"Apa it rose steadily, apa it dropped," anatero Exildah mofulumira. "Manje ni galafu ya chani?"

"Ni mau amene mukamba na ine pa tsiku. Potsika apa ni pamene munagula buku ya mayeso."

Exildah anayang'anitsitsa mzerewo, kenako nkhope yake inawala.

"Plummeted! Ndiye liu nenze kusakila!"

Anathamanga kukalemba m'kope liu lotanthauza kutsika mwadzidzidzilo.