Mkamwini Wachitsulo Aopa Apongozi

Tandiyankhani: mutu uli ku Zomba, manja akulima kwathu. N'chiyani? Mwalephera. Ndi mkamwini wathu Lufeyo.

Masiku ano mkamwini sagwira khasu. Lufeyo, mwamuna wa Esinati mwana wa mchimwene wanga, akuphunzira udokotala wa makina. Amavala chisoti cha mawaya kusukuluko, ndipo chimene waganiza, chidole chachitsulo chimachita kuno. Chikamadutsa timangonong'ona, ngakhale nkhuku zinasiya kuikira pakhonde.

"Azakhali, mutu wangawu suopa kanthu," ankatero pa foni. "Zothawa apongozi nzachikale."

Lachiwiri aphunzitsi ake anamukanira zolemba zake, iye chisoti chili kumutu. Ukali wonse unatsikira kwathu. Chidole chinali ndi chikwanje m'manja. Chinadula nthochi, chinadula chingwe choyanikira, nkulunjika pamphasa pomwe panagona khanda la Esinati.

"Mayo, mwana wanga! Lufeyo, leka!" Esinati analira, koma chinthucho sichinatembenuke. Panatsala mapazi atatu.

Sindidziwa mawu anachokera kuti. Ndinangokuwa kukhutu kwa waya kwa chidolecho: "Apongozi akubwera!"

Chikwanje chinagwa pansi. Chidole chinanjuta, nkuthawa chowerama, kukabisala kuseri kwa nkhokwe, manja kumaso.

Esinati atanyamula mwana, foni inalira.

"Ndi netiweki inavuta," anatero Lufeyo.

"Eya, dokotala," ndinayankha. "Netiwekiyo ikadagwadabe kuseri kwa nkhokwe. Tiiuze kuti apongoziwo ali ku chigayo?"

Anthu amene anathamangira kudzaona anaseka mpaka khanda linadzuka.