Kondowole wa Mabvuto

Kadzuwa adalowa m'wodi ya abambo atamanga chitenje m'chiuno ngati wobwera kudzamenyana. Mlongo wake Mabvuto adali gone pabedi lapakona, dripi ili pamkono, milomo ili gwa. Pansi, pafupi ndi mwendo wa bedilo, padakhala Rozina, mkazi wa Mabvutoyo, atakumbatira fulasiki ya phala lomwe palibe adalipempha.

Kadzuwa sadampatse moni. Adangomuyang'ana kuyambira paduku lofwifwa mpaka kuzidendene zong'aluka, n'kutsonya.

Uthenga udafika kumudzi m'mawa womwewo. Mabvuto adachoka pakhomo dzulo lake atangodya chamasana, ati akukapikula usipa. Dzuwa lisadalowe adagwa ku Golomoti, akusanza, miyendo italobodoka, ndipo anthu achifundo adathamangira naye kuchipatala.

Dokotala atabwera kudzaona odwala, Kadzuwa adamutchingira njira.

"Adokotala, musatibisire. Mlongo wangayu amudyetsa chiyani?"

"Chinangwa chowawa chosavunda bwino, mayi," adayankha dokotalayo. Adafotokoza kuti kuwawa kuja ndi poizoni womangidwa, yemweyo amene amapezeka m'njere ya m'kati mwa pichesi. Mtsitsi ukakhala wosakhudzidwa, poizoniyo amangogona, chifukwa chomumasula chimakhala pachokha. Ukautafuna kapena kuusinja, ziwirizo zimakumana. N'chifukwa chake chinangwa chotere amachiviika mpaka chifewe, kuti zonsezo zithere m'madzi. Chikavuulidwa msanga, zimakathera m'mimba mwa munthu.

Pamawu onsewo Kadzuwa adangotolapo amodzi: poizoni.

Dokotala atangotuluka, adatembenukira kwa Rozina.

"Dzulo mwaphika chiyani, alamu?"

"Kondowole."

"Wa chinangwa chanji?"

"Chowawa. M'munda mwatsala chomwecho."

"Inu munadya nawo?"

Rozina adaweramitsa mutu. Udali mwezi wa njala ndipo ufa udangokwana mbale imodzi. Mbaleyo adapatsa bambo a pakhomo. Iye ndi ana adadya mango ophika.

Kadzuwa adaseka mokweza kuti odikirira odwala onse amve.

"Mwamva? Mbale yapayokha! Eni ake ophikawo adya mango!"

Amayi a pabedi loyandikana adasiya kupukuta wodwala wawo. Abambo ena okalamba, mwendo uli m'chikhakha, adadzutsa mutu kuti aone nkhope ya mkazi wopha mwamuna. Nkhopeyo sidawakhutiritse. Idali yowonda, yotopa, yosayenera ngakhale mbiri yoipa. Koma Kadzuwa adawathandiza. Adati akazi ofatsa ngati ameneyu ndiwo oopsa. Adati kuyambira tsiku laukwati iye adaoneratu kuti Rozina ndi waulesi, woti sangadikire chinangwa kuvunda, komanso wansanje, woti mwamuna akachedwa kunyanja amamununkhiza malaya.

Kenako adawerama pa mlongo wake, mawu atafewa ngati akulankhula ndi khanda.

"Achimwene, kupatula kwanu, munadyanso kwina?"

Mabvuto adatsegula diso limodzi. Adayang'ana kudenga ngati munthu woti waona kale zipata zakumwamba.

"Kwina kuti, achemwali?" adanong'ona. "Ine ndimadya za mkazi wanga basi." Adabuula, n'kutsekanso disolo.

Rozina adayamba kukumbukira mmene adavuulira chinangwacho. Adachifinya ndi chala, chidafewa. Kapena sichidafewe chonse? Tsiku lija mwana wamng'ono ankalira ndi njala, ndipo iye adali pachangu. Bwanji ngati pansi pa mtsuko padatsala cholimba? Bwanji ngati adampheradi bambo wa ana ake ndi manja ake omwe? Misozi idadontha pachivindikiro cha fulasiki.

"Lirani, lirani," adatero Kadzuwa. "Misozi imeneyo mukaisonyeze apolisi."

Adatulutsa foni n'kuimbira amalume awo, omwe adali ankhoswe a ukwatiwo. Sadatuluke panja. Adaima pakati pa wodi, dzanja lina lili m'chiuno, n'kulamula zonse. Mabvuto akatuluka m'chipatala apita kwawo, sabwereranso kuchikamwini. Njinga, wailesi ndi malata omwe adagula zikatengedwe lero lomwe. Ana nawonso asadyenso chilichonse chochokera m'manja mwa mayi wawo.

Rozina adagwada n'kugwira chitsulo cha bedi.

"Bambo a Tionge, ngati ndinalakwitsa, sindinachitire dala. Ndikhululukireni."

Mabvuto adatembenukira kukhoma mwapang'onopang'ono, monga amachitira munthu wolakwiridwa kwambiri. Wodi yonse idang'ung'udza momumvera chisoni.

Apo m'pamene adalowa namwino wochokera ku wodi ya amayi, akumwetulira.

"A Mabvuto ndi ati? Eya, bambo, nkhani yabwino. Akazi anu amene munabwera nawo dzulo aja atsitsimuka. Akuti muwakhululukire, chinangwa chija anachivuula msanga poti inu munati muli pachangu." Adayang'ana Rozina, yemwe adali chigwadire. "Nanga inu mayi, ndinu achemwali awo?"