Mbali Yachiwiri ya Laputopu ya Adadi

"Fulumira iwe, adadi ali pageti!" anakuwa mchemwali wake wa Chitsirizira ali pawindo.

Chitsirizira anali kalikiliki pa laputopu ya adadi. Anaikamo mwakabisira Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, pambali pa Windows, moti laputopu ikamayaka imaonetsa mbali ziwiri zoti usankhepo, ndiye amafuna aichotse asanagwidwe. Mafayilo onse a mu Windows anayamba wawakopera pa fulashi, kusamala kwake eti! Kenako Linux ija anaifufuta yonse. Atayatsanso, Windows ili bwinobwino, kkkk wapulumuka mwana.

Adadi anakhala pansi, kuyatsa, n'kumangodinadina kabatani kotsikira pansi.

"Iwe, mbali yachiwiri ija yapita kuti? Yothamanga ija?"

"Iti adadi?"

"Imene ndimasankha ikamayaka. Lipoti la mawa kuntchito ndalembera mmenemo."

Mchemwali uja anangogwira pakamwa, ulendo kukasekera kubafa.